Eni dera akamadandaula za ntchito zokopa alendo si umbuli

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene imangotchulidwa modutsa nthawi zonse akuluakulu akamalengeza za chitukuko cha ntchito zokopa alendo, ndiyo maganizo a anthu amene amakhala m'madera omwe alendowo amapitako. Nkhani yotere ikatuluka timamva za ndalama zimene zilowe, za zipinda za hotela zimene zimangidwe ndiponso za ntchito zimene achinyamata apeze, koma eni dera amangopatsidwa chiganizo chimodzi chakumapeto, choti alandira chitukukocho ndi manja awiri. Pakapita zaka n'kupezeka kuti anthu omwe aja ayamba kudandaula, kutseka misewu kapena kuyang'ana alendo ndi diso loipa, yankho la akuluakulu limakhala lakuti anthuwo sakumvetsa ubwino wa ntchitoyi, kotero akufunika kuphunzitsidwa. Yankho limeneli ndi limene ndikutsutsana nalo, chifukwa nthawi zambiri anthuwo amakhala kuti amvetsa bwino lomwe, mwinanso kuposa amene akufuna kuwaphunzitsawo.

Munthu wokhala pamalo amene akukopa alendo amawerengera phindu ndi zotayika monga amachitira wamalonda aliyense, kungoti m'kaundula wake mumalembedwa zinthu zimene sizipezeka m'malipoti a boma. Amalembamo malipiro amene mwana wake walandira pogwira ntchito pa hotela, koma amalembamonso njira yachidule yopita kumadzi imene idatsekedwa ndi mpanda, lendi ya nyumba imene yakwera, phokoso la usiku, madzi amene akutuluka mwa apo ndi apo pampopi pamene dziwe losambiramo alendo ndi lodzaza, ndiponso tsiku limene mlonda adamubweza pachipata cha malo amene agogo ake ankadyetserako ziweto. Akaphatikiza zonsezi n'kupeza kuti zotayika zachuluka, nkhope yake imasintha, ndipo palibe msonkhano wophunzitsa anthu umene ungamubwezere chimwemwe ngati masamuwo akadali momwemo.

Tiyeneranso kukumbukira kukula kwa khamu limene tikunena. Bungwe la United Nations loona za ntchito zokopa alendo, limene kwa zaka zambiri linkadziwika kuti UNWTO, limasonyeza kuti mu 1950 maulendo a alendo odutsa malire a mayiko adali pafupifupi 25 miliyoni, pamene mu 2019 adafika pafupifupi 1.5 biliyoni. Khamu lonseli silimwazikana mofanana padziko, koma limathamangira ku magombe, mapiri, mizinda yakale ndi nkhalango zochepa zomwezo zimene zidatchuka. Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo n'chifukwa chake kumulandira sikunkalemera: munthu ankapirira kugona mopanikizika podziwa kuti ndi zamasiku ochepa. Mlendo wodzaona malo nayenso amakhala masiku ochepa, koma akangochoka pabedi pake pamagona wina tsiku lomwelo, kotero kwa mwini dera mame amenewa sakamuka chaka chonse.

Akatswiri adaziona kale zimenezi. Mu 1975 George Doxey, atafufuza m'dziko la Barbados komanso m'tauni ya Niagara-on-the-Lake ku Canada, adafotokoza kuti mtima wa eni dera umadutsa m'magawo anayi pamene alendo akuchuluka. Poyamba pamakhala chisangalalo, chifukwa alendo ndi ochepa ndipo ndalama zawo ndi zatsopano. Kenako anthu amazolowera, mlendo n'kungokhala kasitomala. Pambuyo pake pamabwera kunyansidwa, pamene kuthithikana ndi kukwera kwa zinthu zayamba kuluma, ndipo pomaliza pamabuka udani woonekera. Ofufuza ena adatsutsa kuti si malo onse amene amatsata ndondomeko imeneyi, komanso kuti m'mudzi umodzi momwemo wina akhoza kukhala akusangalala pamene mnzake wafika kale pa udani, ndipo ine ndikuona kuti akunena zoona. Komabe chimene ndimatolapo pa maganizo a Doxey n'chakuti mkwiyo umabwera kumapeto, patadutsa nyengo yaitali ya kung'ung'udza kwapansipansi, ndipo nyengo imeneyi, imene zinthu zikadatha kukonzedwa mosavuta, ndi imene akuluakulu amaitenga ngati umboni woti anthu ali okhutira.

Mzinda wa Venice ku Italy ndi chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri. Mu 1951 m'chigawo chakale cha mzindawu, chimene chidamangidwa pa tizilumba, munkakhala anthu pafupifupi 175,000, koma pofika mu 2022 chiwerengerocho chidatsika mpaka kuchepera 50,000. Zifukwa zake ndi zingapo, kuphatikizapo kusefukira kwa madzi ndi kusamukira kwa ntchito kumtunda, koma palibe amene angakane kuti nyumba zambiri zimene munkakhala mabanja zidasanduka zogona alendo, ndipo masitolo amene ankagulitsa zofunika pakhomo adasanduka ogulitsa zikumbutso za ulendo. Eni mzinda adachita zionetsero kwa zaka zambiri zokana sitima zapamadzi zikuluzikulu zonyamula alendo, mpaka boma la Italy lidaziletsa kudutsa pakati pa mzindawo kuyambira mu Ogasiti 2021. Mu Epulo 2024 akuluakulu a mzindawo adayamba kulipiritsa ma euro 5 kwa alendo obwera tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti tsiku loyamba lomwelo ena mwa eni mzinda adatuluka kudzatsutsa. Iwo ankati chimene akusowa ndi nyumba zoti mabanja akwanitse kukhalamo, pamene tikiti yolowera ikungotsimikiza kuti kwawo kwasanduka malo achionetsero. Njira yopangidwa m'dzina la eni dera idakanidwa ndi eni dera omwewo, chifukwa inkayankha funso limene iwo sadafunse.

Ku Barcelona, mzinda wa ku Spain umene udatchuka kwambiri kwa alendo pambuyo pa masewera a Olimpiki a 1992, meya Jaume Collboni adalengeza mu Juni 2024 kuti ziphaso za nyumba pafupifupi 10,000 zobwereketsa kwa alendo zidzatha pofika mu 2028, ndipo chifukwa chimene adapereka n'chakuti lendi idakwera ndi 68 peresenti m'zaka khumi. Mwezi wotsatira dziko lidaona zithunzi za anthu a mumzindawo akuwaza madzi alendo ndi timfuti tazidole. Khalidwe limeneli sindiligwirizana nalo, popeza mlendo amene wakhala pansi kuti adye si amene adapereka ziphasozo, koma munthu amene wakhala akudandaula kwa zaka osamvedwa amathera mkwiyo wake pa amene ali pafupi. Miyezi ingapo izi zisanachitike, pa 20 Epulo, anthu zikwizikwi a pa zilumba za Canary, zimene ndi gawo la dziko la Spain lomwelo, adayenda m'misewu ndi uthenga woti zilumba zawo zili ndi malire. Zilumbazi zili ndi anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni ndipo mu 2023 zidalandira alendo akunja oposa 13 miliyoni, komabe pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a kumeneko amawerengedwa kuti ali pachiopsezo cha umphawi. Akafunsa kumene ndalama za alendo onsewo zimapita, ndani angawadzudzule?

Chimene ndaona n'chakuti palibe amene adayerekeza kunena kuti anthu a ku Venice kapena ku Barcelona ndi mbuli zofunika kuphunzitsidwa ubwino wa alendo. Mawu amenewa amasungidwira anthu osauka a kumidzi, ngakhale madandaulo awo atakhala olemera kuposa a anzawo a ku Ulaya.

Ndikutero chifukwa kuno ku Africa bala lalikulu ndi malo. Anthu a mtundu wa Endorois ku Kenya adachotsedwa m'mphepete mwa nyanja ya Bogoria kuyambira mu 1973 kuti deralo likhale losungirako nyama zakutchire, ndipo adataya msipu, malo amchere amene ziweto zawo zinkanyambita komanso malo amene ankachitirako miyambo ya makolo. Chigamulo cha bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa la African Commission on Human and Peoples' Rights, choti ufulu wawo udaphwanyidwa ndipo ayenera kubwezeredwa malo, kupatsidwa chipukutamisozi ndi kulandira gawo la ndalama zochokera m'deralo, chidatuluka mu 2010, patadutsa zaka zoposa 35, ambiri mwa ochotsedwawo ali kale m'manda. Ku Uganda, nkhalango za Bwindi ndi Mgahinga zitakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa mu 1991, anthu a mtundu wa Batwa adatulutsidwamo, ambiri a iwo popanda kupatsidwa malo ena. Lero alendo amalipira ndalama zambiri kukaona anyani akuluakulu a mtundu wa gorilla m'nkhalangomo, pamene ena mwa a Batwa amapeza kangachepe povinira alendowo ndi kuwaonetsa mmene makolo awo ankakhalira m'nkhalango imene iwo saloledwanso kukhalamo. Ku Loliondo m'dziko la Tanzania, mu Juni 2022, kuika malire pa dera la masikweya kilomita 1,500 kudabweretsa chipolowe chimene wapolisi mmodzi adafapo, anthu ambiri a mtundu wa Maasai adavulala ndipo ena adathawira ku Kenya. Boma linkati likuteteza chilengedwe, eni dera ankati msipu wawo ukuperekedwa kwa alendo odzasaka nyama. Munthu amene wadutsa m'zoterezi, kapena amene wangomva mbiri yake kwa anansi, akaona galimoto ya oyeza malo itaima m'dera lake, mantha ake amakhala ndi maziko.

Alipo amene amayankha kuti walira mvula walira matope, kutanthauza kuti wofuna ntchito, misewu ndi magetsi ayenera kuvomerezanso zovuta zimene zimabwera nazo. Mwambiwu ndi woona kwa mlimi amene mvula ndi matope zonse zimagwera m'munda mwake. Vuto la ntchito zokopa alendo n'lakuti kawirikawiri mvula imagwera kwina, matope n'kugwera kwina. Mlendo amalipira ulendo wake wonse asananyamuke kwawo, ndalama za ndege zimapita ku kampani ya ndege, za malo ogona zimapita kwa eni hotela amene nthawi zambiri amakhala mumzinda waukulu kapena kunja kwa dziko, zakudya ndi zakumwa zambiri zimagulidwa kutali, ndipo msonkho umapita ku likulu. Chotsalira m'deralo ndi malipiro a antchito apansi ndi tindalama ta ogulitsa ziboliboli, pamodzi ndi zinyalala, fumbi la magalimoto ndi mitengo ya zinthu imene yakwera kwa aliyense, ngakhale kwa amene sanagwirepo ndalama ya mlendo.

Sindikufuna kuoneka ngati wodana ndi ntchitoyi, chifukwa alipo malo amene eni dera amaiteteza okha, ndipo malo amenewa ndi amene amatsimikiza mfundo yanga. Ku Namibia lamulo la 1996 lidapatsa anthu okhala m'malo amakolo mphamvu yokhazikitsa magulu otchedwa conservancy, amene ali ndi ufulu pa nyama zakutchire ndi pa ntchito zokopa alendo m'dera lawo. Magulu anayi oyamba adalembetsedwa mu 1998, ndipo lero alipo oposa 80. Munthu wofuna kumanga malo ogona alendo m'dera lotere amayenera kukambirana ndi gululo ndi kusainirana nalo mgwirizano wonena za ndalama zimene azipereka ndi za anthu amene adzalembedwe ntchito. Si kuti zonse zili myaa, popeza magulu ena amapeza zochepa kwambiri, mikangano ya ndalama imabuka, ndipo njovu ndi mikango zikuwonongabe minda ndi ziweto. Koma mwini dera wa kumeneko amalowa m'zokambirana ngati mwini chinthu, ndipo munthu amene ali ndi mphamvu yokana akavomera, kuvomera kwake kumakhala ndi tanthauzo.

Dziko la Rwanda lidatsata njira ina. Kuyambira mu 2005 boma linkapereka 5 peresenti ya ndalama za m'malo osungira nyama ku madera ozungulira malowo, ndipo mu 2017 gawolo lidakwezedwa kufika pa 10 peresenti. Ndalamazi zamangira sukulu, zipatala zazing'ono ndi matanki a madzi. Nzeru yake ndi yabwino, koma ili ndi malire amene okonza mapulani ayenera kuwaona. Sukulu ndi ya mudzi wonse, pamene munda umene njati zadya usiku ndi wa banja limodzi, ndipo banja limenelo silingadye sukulu. Ngati phindu likugawidwa kwa gulu pamene zotayika zikugwera munthu payekha, padzakhalabe anthu okwiya ngakhale m'dera limene malipoti akuti likupindula.

Izi zikutifikitsa pa cholakwika china chimene chimachitika nthawi zambiri, ndicho kutenga eni dera ngati munthu mmodzi wa mtima umodzi. Mnyamata amene amaperekeza alendo ndipo waphunzira zilankhulo zawo saona nkhaniyi monga mmene amaionera msodzi amene doko lake latchingidwa, ndipo mwini nyumba yobwereketsa saiona monga mmene amaionera wochita lendi. Mphunzitsi amene ana akumuthawa m'kalasi kukapempha ndalama kwa alendo ali ndi maganizo akeake, momwemonso mayi amene mwana wake wamkazi wayamba kuchedwa kubwera kunyumba. Ndidakhalapo pa msonkhano wina umene unkatchedwa wofunsa maganizo a anthu. Mapulani adali atajambulidwa kale, tsiku loyamba kumanga lidali litadziwika, oyankhula adali akuluakulu a deralo ndi amalonda awiri atatu amene ankayembekeza kupindula, ndipo amayi amene ankatunga madzi pamalo okambidwawo adakhala kumbuyo osatsegula pakamwa, chifukwa panalibe amene adawapatsa mpata ndipo sakadatha kutsutsa akuluakulu awo pagulu. Kumapeto anthu adaomba m'manja, ndipo ndikukhulupirira kuti lipoti lidalembedwa kuti anthu onse agwirizana nazo. Umenewo udali msonkhano wolengeza, ngakhale udapatsidwa dzina lina.

Palinso nkhani ya ulemu, imene sitingaiyeze ndi ndalama koma imalemera kwambiri pa mtima wa munthu. Ku Kyoto m'dziko la Japan, anthu a m'dera la Gion adaletsa alendo kulowa m'tinjira tina tapakati pa nyumba zawo mu 2024, atatopa ndi alendo othamangitsa akazi osangalatsa anthu ndi magule achikhalidwe kuti awajambule, ena mpaka kuwakoka zovala. M'midzi yosauka zoterezi zimachitika tsiku ndi tsiku popanda chikwangwani choletsa: mlendo amajambula mwana wosavala, nyumba yakugwa kapena mwambo wa maliro osapempha, zithunzizo n'kuzifalitsa pa intaneti. Ulemu umakhudzanso mtundu wa ntchito zimene eni dera amapatsidwa. Ngati patatha zaka makumi awiri ana a m'deralo akadali alonda, ochapa ndi osesa okhaokha, pamene oyang'anira onse amachokera kwina, anthu amaona, ndipo amasiya kukhulupirira lonjezo lakuti ntchitoyi idzawatukula.

Kuti eni dera sadana ndi mlendo payekha zidaoneka mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatsitsa maulendo odutsa malire ndi zoposa 70 peresenti. Madera amene ankadalira alendo adalira njala, ndipo ambiri mwa anthu omwe ankadandaula za khamu adafunitsitsa kuti alendo abwerere. Chimodzimodzinso pachilumba cha Boracay ku Philippines, chimene boma lidachitseka kwa miyezi isanu ndi umodzi mu 2018 kuti likonze za zonyansa zimene zinkathiridwa m'nyanja, antchito zikwizikwi adasowa pogwira. Ena amatenga zimenezi ngati umboni woti madandaulo aja adali opanda pake. Ine ndimaona kuti ndi umboni wa chinthu choopsa kwambiri, chakuti ntchito zokopa alendo zikameza usodzi, ulimi ndi ntchito zina zonse za m'dera, anthu amatsala opanda pothawira, ndipo kumwetulira kwa munthu wopanda pothawira sikutiuza zambiri za zimene zili mumtima mwake.

Mfundo zabwino zidalembedwa kale. Mu 1999, pa msonkhano wa ku Santiago m'dziko la Chile, mayiko a m'bungwe la UNWTO lija adavomereza malamulo a khalidwe labwino pa ntchito zokopa alendo, ndipo gawo lachisanu limanena kuti eni dera ayenera kutenga nawo mbali ndi kugawana phindu mwachilungamo. Chosowa ndi kuchita. Anthu afunsidwe malo asanaperekedwe, pamene yankho lawo likhoza kusintha kanthu, popeza madzi akatayika saoleka ndipo gombe limene lamangidwa mpanda silibwerera. Afunsidwe m'magulu osiyana, amayi paokha, achinyamata paokha, ochita lendi paokha, kuti amantha nawonso ayankhule. Malonjezo alembedwe m'chilankhulo chimene anthuwo amawerenga, atchule njira zimene zikhale zotsekula ndi chiwerengero cha ntchito, ndipo ndalama zimene zaperekedwa ku dera zizilengezedwa poyera chaka ndi chaka, chifukwa mphekesera zoti atsogoleri adya ndalama zawononga mapulani ambiri amene adayamba bwino.

Pempho langa lomaliza likupita kwa inu, Akonzi, ndi atolankhani anu. Mukatumiza mtolankhani ku mwambo wotsegulira hotela kapena malo ena okopa alendo, asabwerere ndi mawu a nduna ndi a mwini malo okha. Atuluke pachipata, ayende pang'ono, akafunse amene sadaitanidwe ku mwambowo kuti kale pamalopo pankachitika chiyani ndipo ochita zimenezo apita kuti. Alembe malonjezo onse amene aperekedwa tsiku limenelo, ndipo pakatha zaka zitatu mudzamutumizenso komweko atanyamula pepala lomwelo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika